Kaputeni amene amalola kumutulutsa gemu ili mkati

Mlamu wanga anakhalitsa ku Joni, ndipo pobwera anatibweretsera zinthu ziwiri zomwe mpaka lero zikutisowetsa mtendere pakhomo pano: wailesi yaphokoso ndi matenda a rugby. Kuno ku Nkhotakota rugby sitiidziwa kwenikweni tisanamizane, ife ndi a Bullets ndi Noma ndi matimu aku England aja basi, moti tsiku loyamba kuionera ndinafunsa kuti alamu kodi anthuwa akusewera kapena ndi ndewu, nanga mpirawo bwanji ukuoneka ngati papaya. Koma chinthu ukamaonera ndi munthu wochidziwa chimakulowa osazindikira, pano ndine amene ndimayamba kufunsa kuti gemu ili liti. Ndiye pali nkhani imene takhala tikukangana chiyambire October wa 2023, ndaona kuti bola ndiilembe chifukwa pakhonde paja samandipatsa mpata womaliza zonena zanga.

Iwo amati kaputeni ndi kaputeni, ukamusankha wamusankha, ayambe gemu amalizenso gemu, kochi womutulutsa anthu akuona ndi wachipongwe. Amatinso munthu akakhala pa fomu osamukhudza. Ine ndikuti ayi alamu, amenewo ndi maganizo a mpira wamiyendo mwangowanyamula n'kukawatula pa masewera ena. Pa mpikisano waukulu ngati World Cup kaputeni wofunika ndi amene kochi angathe kumukodola kuti bwera ukhale pansi, iye n'kutuluka osakwinya nkhope, timu n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ndipo fomu imene timakuwira ife masapota si nthawi zonse imene imabweretsa chikho kunyumba.

Kwa amene simunaionerepo, timu imakhala ya anthu 15 mu bwalo, 8 pa benchi, gemu ndi mphindi 80. Ku World Cup ya 2023 ku France dziko lililonse linaloledwa kutenga anthu 33, ndipo kuti utenge chikho umayenera kusewera magemu 7 kuyambira kumayambiriro kwa September mpaka pa 28 October. Magemu 7 ogundana ndi zimphona zolemera ngati matumba awiri a chimanga, thupi la munthu silingakhale chimodzimodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Chinanso kaputeni wa rugby savala kansalu ka pamkono kaja. Ntchito yake ndi ziwiri zikuluzikulu, ndi iye amene amayankhula ndi refa m'malo mwa timu (ku rugby simuunjikana pa refa ngati mmene timachitira kwathu kuno, ukalalata amakusunthirani penate mamita 10 kutsogolo), komanso timu ikapatsidwa penate ndi iye amene amagamula kuti timenye pa golo titenge mapointi atatu, kapena tiuponye pakona tikayese try (kukagwetsa mpira kuseri kwa mzere wa adani) ya mapointi asanu.

Apa ndi pamene ndimakumbukira asodzi a usipa. Amene mumapita ku doko mukudziwa kuti pa chilimira pamakhala siginala, uja wokhala m'kabwato ndi nyali. Siginala si amene amakoka khoka mwamphamvu kuposa onse ayi, mwinanso ndi wochepa thupi, koma ndi iye amene amaona kuti usipa wasonkhana ndipo nthawi yoponya yakwana. Akalakwitsa nthawi usiku wonse wapita pachabe, mafuta mwawotcha, mubwerako ndi kandowa kamodzi. Ndiye taonani zomwe zinachitika mu 2015 ku England. Pa 19 September Japan imasewera ndi South Africa ku Brighton, nthawi yatha, Japan ili kumbuyo 32-29, yapatsidwa penate yapafupi. Kochi wawo Eddie Jones amafuna amenye pa golo gemu ithe dulowo, kaputeni Michael Leitch anakana, anasankha scrum (ija yoti zimphona zakutsogolo za matimu onse awiri zimagwirana n'kumakankhana), mpira unayenda mpaka Karne Hesketh anakagwera pakona, 34-32, dziko lonse pakamwa yasa. Patangotha sabata imodzi yokha, England ili pakwawo ku Twickenham, ili kumbuyo 28-25 ndi Wales, nayonso yapatsidwa penate kumapeto. Kaputeni Chris Robshaw nayenso anakana mapointi atatu, anasankha pakona, a Wales anawakankhira kunja, gemu yatha. England inatuluka mu gulu momwemo mpikisano uli pakhomo pawo, Robshaw anamutukwana mpaka kutopa, ukaputeni unamuthera pomwepo. Mtima umodzimodzi, sabata imodzi kusiyana, wina ngwazi wina chitsiru. Ndiye mukamati kaputeni akhale amene akusewera bwino kuposa onse, ine ndimafunsa kuti kuthamanga kwambiri kukugwirizana bwanji ndi kudziwa nthawi yoponya khoka?

Tsopano Siya Kolisi, amene alamu anga ali ndi jezi yake ya nambala 6 yomwe savula olo kutenthe bwanji. Mnyamata waku Zwide ku Port Elizabeth, anakula movutika ngati ana ambiri amene timawaona m'madoko muno. Kochi Rassie Erasmus anamupatsa ukaputeni wa timu ya South Africa mu 2018, munthu wakuda woyamba kutsogolera Springboks (dzina la timuyo) pa gemu ya dziko, timu ili pansi zedi, chaka chapitacho New Zealand inali itawathira 57-0. Mu 2019 ku Japan anayamba ndi kuluza kwa New Zealand yomweyo 23-13, koma anakafika mu fainolo ku Yokohama n'kuswa England 32-12. Zonsezi alamu amazidziwa pamtima. Chimene safuna kumva ndi chakuti Kolisi nthawi zambiri samaliza gemu. Amalowa, amagwira ntchito yake ya kugunda ndi kuthamanga mpaka mafuta atsike, kenako amamutulutsa n'kulowetsa wina watsopano. Ndipo si kuti amakakhala pa benchi atafunda thawulo kumutu, mumamuona ataimirira m'mbali mwa bwalo akukuwa, akuwomba m'manja, nthawi zina akuyimba.

Mu April 2023 anavulala bondo akusewerera kalabu yake ya Sharks, mpaka opaleshoni, anthu ambiri anati World Cup yamudutsa. Anabwerera mu August pa gemu yokonzekera ndi Wales ku Cardiff. Apa ndivomere, alamu ali ndi mfundo, munthu wongochoka pa opaleshoni kumutenga ndi kumupatsa ukaputeni si nkhani ya fomu, fomuyo akanaionetsa kuti miyezi inayi osasewera? Anamutenga chifukwa cha dzina ndi mtima. Koma kusiyana kwake ndi kwakuti makochi, Jacques Nienaber ndi Erasmus, sanamange manja awo ndi dzinalo. Mu semi fainolo ndi England mvula ikugwa ku Paris, zinthu zitavuta, Kolisi anatulutsidwa hafu yachiwiri isanapite patali, Eben Etzebeth nayenso, chimphona chimene ambiri amati ndiye msana wa timu, anamutulutsa mofulumira kuposanso Kolisi. Tangoganizani ku mpira wathu kuno, semi fainolo, timu ikuluza, kochi n'kutulutsa kaputeni ndi difenda wamkulu nthawi imodzi, akanatuluka pa sitediyamu ataperekezedwa ndi apolisi. Koma amene analowa m'malo mwa Etzebeth, RG Snyman, ndi amene anagoletsa try yokhayo ya gemu imeneyo.

Gemu imeneyi ndi imene ili ndi nkhani yondiwawa kwambiri, ya Manie Libbok, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene tinatsala pang'ono kusiya kulonjerana ndi alamu. Libbok ndi nambala 10, amene ali ngati dalaivala wa timu. Mnyamata waluso losaneneka, pa gemu yoyamba ndi Scotland anamenya mpira osayang'ana komwe ukupita, unakagwera m'manja mwa Kurt-Lee Arendse ndendende, try. Tinadumpha tonse. Ngati fomu ndi kukongola kwa kaseweredwe, Libbok anali pa fomu kuposa aliyense. Koma mwendo wake pa golo unali ngati netiweki ya kumudzi, lero ilipo mawa palibe. Pa gemu ndi Ireland anaphonya iye, Faf de Klerk nayenso anaphonya, mapointi 11 anatayika chonchi, gemu n'kuluza 13-8. Pamenepo Handré Pollard, amene anamenya mapenate mu fainolo ya 2019, sanali n'komwe mu 33 oyamba aja chifukwa anali wovulala mwendo. Ndiye kunachitika zachilendo, Malcolm Marx, nambala 2, mmodzi mwa osewera abwino kwambiri pa malo amenewo, anavulala bondo ku tirening'i. Aliyense amadikira kuti aitana nambala 2 wina, iwo anaitana Pollard, nambala 10. Zili ngati golokipa wavulala inu n'kuitana sitiraika. Alamu anakuwa kuti anthuwa apenga, ndipo kunena zoona tsiku limenelo nanenso ndinagwirizana nawo.

Pollard anafika wopanda fomu iliyonse, anali atangosewera kanthawi kochepa ku kalabu yake ya Leicester. Anamuyesa ndi Tonga, zonse zomwe anamenya zinalowa. Kotala fainolo ndi France anayambabe Libbok, Pollard analowa hafu yachiwiri n'kumenya penate yakutali, anapambana 29-28. Semi ija ya mvula anayambanso Libbok, koma mpira woterera sunamuyanje, ndipo pa mphindi 31, hafu yoyamba isanathe n'komwe, anamutulutsa. Nkhope ya mnyamatayo potuluka sindidzaiwala, zinandimvetsa chisoni ngati mwana wa mchemwali wanga. Alamu anati uku ndi kumupha mwana, simungamudikire afike pa hafu taimu kuti atuluke mwaulemu? Ine ndinati alamu mphindi 9 zimenezo ndi zimene zikanawatulutsa mu mpikisano, ulemu akakaupeza ku eyapoti? England inatsogola mpaka 15-6, Owen Farrell akumenya chilichonse. Kenako Ox Nche ndi anzake ochokera pa benchi anayamba kuwapinda aku England mu scrum, Snyman try, ndipo kutatsala mphindi ziwiri Pollard anaima pafupi ndi pakati pa bwalo, mvula ili wawawa, anamenya, unalowa. 16-15.

Fainolo ndi New Zealand Libbok sanali olo pa benchi. Munthu amene anayamba kotala ndi semi anangoonera fainolo ngati ife. Pollard anamenya mapenate anayi, onse analowa, ndipo mapointi 12 amenewo ndi okhawo omwe South Africa inapeza usiku wonse. 12-11. Ndiye fomu ndi chani? Ife tikamati fomu timatanthauza amene watisangalatsa sabata yatha. Kochi akamasankha amafunsa funso lina, gemu ikubwerayi ipambanidwa ndi chiyani, kuthamanga kapena mwendo umodzi wosanjenjemera? Magemu a mu gulu mumatha kuvina, mukafika pa ndime yoti woluza azipita kwawo mabwalo amapanikizika, ma try amasowa ngati chambo m'nyengo ya mwera, chotsala ndi mapenate. Pollard sanali bwino kuposa Libbok pa rugby yonse, anali bwino pa kachinthu kamodzi kamene masabata atatu omaliza amafuna.

Usiku wa fainolo tinaonera pa malo ena pa boma pano, 9 koloko usiku, kutentha kwa October kuja koti malaya amamatirira kumsana, ife okonda rugby tinalipo ochepa ndipo tinachita kupempha mwini malo kuti atisiyire TV imodzi. Ena amabwera kudzatiseka kuti mukuonera zogwetsana, koma pofika kumapeto onse anali ataima kumbuyo kwathu. Erasmus ndi Nienaber anaika pa benchi zimphona 7 zakutsogolo ndi wakumbuyo mmodzi yekha, Willie le Roux, opanda nambala 9 wina, kutanthauza kuti Faf akanavulala kukanakhala kusokonekera. Gemu itangoyamba kumene Bongi Mbonambi, nambala 2 weniweni yekhayo amene anatsala, anavulala bondo. Amene analowa ndi Deon Fourie, bambo wa zaka 37 amene zaka zambiri amasewera malo ena, ndipo mipira yake yoponya kuchokera pa mzere ina imasokera ndithu. Alamu anandiyang'ana osanena kanthu, diso lokha lija loti ndinakuuzani.

Ndipo pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ndikangoti makochi aja ndi anzeru basi ndikhala ndikunama. Pointi imodzi, pointi imodzi, pointi imodzi, magemu atatu otsatizana. Cheslin Kolbe akanapanda kutchinga mpira wa Thomas Ramos mu kotala, France ikanapambana. Mu fainolo Richie Mo'unga wa New Zealand anaphonya pambuyo pa try ya Beauden Barrett, Jordie Barrett anaphonyanso penate yakutali kumapeto, umodzi mwa iwiriyi ukanalowa bwenzi lero tikunena kuti kuitana Pollard m'malo mwa nambala 2 ndi uchitsiru umene unaluzitsa chikho. Mwayi unalipo, wambiri. Koma mwayi umenewo unapeza anthu atayika munthu woyenera pa malo oyenera, ndipo chimene ndikutsutsana ndi alamu si chakuti pulani iliyonse ya Erasmus ndi yabwino, ndi chakuti palibe dzina limene linali lalikulu kuposa pulani. Olo la kaputeni.

Makaputeni onse awiri analandira makadi usiku umenewo, mwina ambiri mwaiwala. Sam Cane wa New Zealand anagunda Jesse Kriel kumutu, khadi yachikasu inasanduka yofiira, munthu woyamba kutulutsidwa ndi yofiira mu fainolo ya World Cup ya amuna. Kolisi nayenso anakakhala panja mphindi 10 chifukwa chogunda Ardie Savea. Ndiye taonani, New Zealand inasewera nthawi yoposa theka la gemu ndi anthu 14, kaputeni ali pampando manja ali kumaso, koma sinagwe, Savea anatenga utsogoleri n'kuikoka timu mpaka kutsala pointi imodzi. Kwa ine umenewu ndi umboni waukulu kuposa wa opambana. Cane anthu akwawo ambiri amamunyoza mpikisano usanayambe kuti sakuyenera malo ake, kochi Ian Foster anamukakamira, ndipo mu kotala ndi Ireland anasewera gemu ya moyo wake. Koma timu inali ndi atsogoleri angapo, moti mmodzi atachoka denga silinagwe. Mbali inayi amene ananyamula timu si Kolisi, ndi Pieter-Steph du Toit amene anagwetsa anthu ka 28 usiku umodzi.

Mukafuna kuona zomwe zimachitika ukaputeni ukasanduka ufumu, bwererani ku 2011. John Smit wa South Africa anatenga chikho mu 2007, kaputeni wolemekezeka, palibe amene angamunyoze. Koma pofika 2011 pafupifupi aliyense amaona kuti pa nambala 2 Bismarck du Plessis wamupitirira. Kochi Peter de Villiers anali atayesa kale kumusunthira Smit pa malo ena kuti onse awiri alowe, koma ku World Cup ya ku New Zealand anamubwezera pa nambala 2, Bismarck n'kumayambira pa benchi. Anatuluka mu kotala, Australia 11 South Africa 9. Masapota aku South Africa mpaka lero amaloza refa, alamu anga akayamba nkhani ya refayo, Bryce Lawrence, mpaka nsima imazizira, ndipo mwina ali ndi chifukwa. Koma pa gemu ya mapointi awiri, kusiya panja munthu amene ali bwino kuposa onse pa malo ake chifukwa choopa kukhumudwitsa mfumu, tsabola wakale sawawa abale. Kusiyana kwa Smit ndi Kolisi si kwakuti wina ndi mtsogoleri wabwino kuposa mnzake. Mu 2011 timu inapindidwa kuti ikwanire kaputeni, mu 2023 kaputeni ndi amene amapindika kuti akwanire timu.

Koma musamve ngati ndikuti tayani akuluakulu mutenge ana okhaokha, chifukwa kumeneko nakonso kuli phompho ndipo Eddie Jones anagweramo ndi Australia mu 2023 momwemo. Anasiya kunyumba Michael Hooper, munthu wa magemu 125 amene anatsogolera timu zaka zambiri, anasiyanso Quade Cooper, n'kutenga kamnyamata Carter Gordon ngati nambala 10 weniweni yekhayo. Ukaputeni anapatsa Will Skelton, amene anavulala ku tirening'i atangosewera gemu imodzi. Zitatero mu bwalo munalibe munthu woti ana aja amuyang'ane zinthu zikavuta. Fiji inawagonjetsa 22-15, Wales inawasambitsa 40-6, kwa nthawi yoyamba Australia inatuluka mu gulu. Jones anasiya ntchito n'kubwerera ku Japan. Amenewo ndi mathero a kochi amene akufuna kuonetsa kuti wamkulu ndi iye.

England nayo inali ndi mkangano wake womwe sindinaumvetse mpaka pano. Farrell, kaputeni, analetsedwa magemu awiri oyamba chifukwa cha khadi yofiira ya mu August. George Ford analowa pa nambala 10, ndipo pa gemu ndi Argentina timu itatsala ndi anthu 14 kuyambira mphindi zoyambirira, anamenya mapointi onse 27 yekha. Munthu pa fomu yeniyeni ameneyo. Farrell atabwerera, pofika kotala ndi Fiji, kochi Steve Borthwick anamukhazika Ford pa benchi. Malinga ndi mfundo yanga ndimayenera kunena kuti analakwitsa, eti? Koma Farrell yemweyo ndi amene anamenya mapointi onse 15 mu semi n'kutsala pang'ono kugwetsa akatswiri. Ndiye apa ndikhala chete, alamu atenge pointi. Chimene ndinaona n'chakuti masapota akwawo omwe amamuwowoza, ndipo mpikisano utatha anapempha kupuma ku timu ya dziko kuti asamale maganizo ake ndi banja lake. Timaiwala kuti amene tikumutukwana pa Facebook ali ndi ana kunyumba.

Za Antoine Dupont, kaputeni wa France, ndingodutsa mwachangu. Anathyoka fupa la tsaya pa gemu ndi Namibia yomwe France inapambana 96-0, ndipo funso langa ndi lakuti hafu yachiwiri ya gemu ngati imeneyo kaputeni amafunanji mu bwalo? Anamuchita opaleshoni, patatha masabata atatu anabwerera atavala chipewa choteteza mutu, anasewera bwino ndithu, koma masabata atatu onsewo dziko lonse la France limakamba za tsaya la munthu mmodzi ngati timu ilibe anthu ena 32.

Izi zimandikumbutsa mikangano yathu ya Flames ndi ma Queens, sikwadi ikangotuluka aliyense amasanduka kochi, uyu bwanji mwamusiya wagoletsa sabata yatha, uyu bwanji mwamutenga sakusewera ku kalabu yake, uyu ndi wa kwawo kwa kochi. Nanenso ndimakuwa nawo, sindine mngelo. Koma chiyambire kuonera rugby ndinayamba kudzifunsa kuti kodi amene ndikumukuwirayu ndikumufuna pa ntchito yanji, pa mphindi ziti za gemu, motsutsana ndi ndani. Erasmus anthu a pa benchi anawasandutsa chida, mpaka anatchuka ndi dzina loti Bomb Squad, moti kuyambira pa benchi kunasiya kukhala chilango. Kwathu kuno munthu ukamuika pa benchi amazimitsa foni sabata yonse, achibale ake n'kuyamba kunena kuti kochi anamulodza.

Nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse, mwina chifukwa ndine wa kunyanja, ndi ya Stephen Donald. 2011, New Zealand ili pakwawo, chikho sinachione chitengereni mu 1987, dziko lonse mtima uli m'mwamba. Dan Carter, nambala 10 amene ambiri amati ndi wabwino kuposa onse, anavulala ku tirening'i. Colin Slade analowa m'malo, nayenso anavulala. Malowo anatenga Aaron Cruden, amene anamuitana Carter atavulala. Donald sanali mu mapulani a munthu aliyense, chaka cha 2010 anthu anamunyoza koopsa ataluza ndi Australia ku Hong Kong, moti iye anali atazitaya, anali ku mtsinje wa Waikato akugwira tinsomba ting'onoting'ono tangati bonya wathu uja. Foni ya kochi Graham Henry inamupeza kumeneko. Mu fainolo ndi France Cruden anavulala bondo hafu yoyamba, Donald analowa, jezi yomuthina mimba ikuonekera, munthu wachinayi pa mzere, fomu ziro. Anapatsidwa penate imodzi, anamenya, inalowa. Gemu inatha 8-7. Ndipo kaputeni wake Richie McCaw mpikisano umenewo anasewera ndi phazi lothyoka, samachita n'komwe tirening'i bwinobwino mkati mwa sabata. Ndikawauza zimenezi alamu amati mwaona, McCaw sanatuluke, kaputeni amafera mu bwalo. Ine ndimati inu mwaona McCaw, ine ndaona msodzi.

2027 World Cup ili ku Australia, matimu 24, ndipo aneba athu a Zimbabwe abwereranso atagonjetsa Namibia 30-28 mu July 2025, kuyambira 1991 anali asanapiteko. Dziko lomwe linabala Tendai Mtawarira, Beast uja amene anapinda scrum ya England mu 2019 atavala jezi ya South Africa. Kolisi adzakhala ndi zaka 36 nthawi imeneyo. Ndawauza kale alamu kuti ngati adzapite, asadzadabwe kumuona akusewera mphindi 45 kapena kuyambira pa benchi kumene, wina n'kumayankhula ndi refa. Iwo akuti tsiku limenelo jezi ija adzaiponya m'nyanja pa Chia. Ndawauza kuti asataye, andipatse ine, ndi saizi yanga.